Phale la ku Linga

Linali Lachisanu lomaliza la mwezi wa Juni, chaka cha 1954. Mmawa umenewo ndinali pachitsime cha kumunsi kwa mudzi wathu, kufupi ndi Milonde, ndikuchapa tinsanza ta mwana wakhanda. Kunali chiperoni, kamvula kaja kosamveka kugwa koma konyowetsa mpaka m'mafupa, ndipo zala zanga zinali zitauma ngati timitengo. Sindinadandaule. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo tinsanzato tinali ta mng'ono wanga amene ndinali ndisanamuone, koma ndinkangomumva kulira kuseri kwa chipupa.

Amayi anali m'chikuta. Mchombo wa mwana unali utagwa dzulo lake, choncho Loweruka linali tsiku lomutulutsa panja. Kwathu, mwana akamatuluka m'chikuta, woyamba kumubereka amakhala kamtsikana kosatha msinkhu kamene mayi wa mwanayo wasankha, ndipo ameneyo ndiye amakhala mlezi wake. Amayi anali atasankha ine. Sabata yonseyo ndinkayeserera kuseri kwa nkhokwe ndi dzungu kumsana, kuti ndidziwe kumanga nsalu mosathina. Madzulo ndinkalemba m'kope langa, lija ndinkalembamo za tsiku lililonse, mmene dzungulo lakhalira: lero latsetsereka, lero silinatsetsereke. Ndinali mwana wamanyazi. Zambiri zimene anzanga ankanena pakamwa, ine ndinkazinena ndi pensulo.

Tsiku lomwelo kusukulu kunali ulendo. Aphunzitsi athu a Namakhwa, amene anali atangobwera kumene kuchokera kumaphunziro, anatiuza kuti tikaona linga lakale pakaphiri kena kuseri kwa esiteti ya tiyi. Anali bambo wamtali, wa kabudula wa khaki wosita bwino ndi sokosi zofika m'maondo. Chikoti chawo cha nsungwi sichinkachoka m'khwapa.

Nditayanika tinsanza, ndinapita kukatsazika pachipupa cha chikuta.

"Amayi, ndapita."

"Erina," anayankha motsitsa mawu, "ku linga mukupitako, iweyo ukaime pamtunda. M'ngalande usakatsikemo. Usakatole kanthu, ngakhale kamwala. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Chifukwa chake ankachidziwa aliyense. Akuluakulu ankati m'nthawi ya nkhondo zogwira akapolo, anthu anathawira pakaphiriko nadzitchinga ndi khoma la dothi, kunja kwake nakumba ngalande yakuya. Adani atawazinga, kumanda kunalibe kopitira, ndiye akufa ankangowaponya m'ngalandemo. Choncho malowo ankawerengedwa ngati manda. Ife makolo athu anachokera ku Mpwitikizi, kutsidya kwa malire, nkhondozo zitatha kale, ndipo tinalibe wathu wogona kumeneko. Koma zimenezi zinkangowonjezera mantha. Mzimu wa kwanu umaupepesa poutchula dzina. Nanga wa eni ake, wosaudziwa ndi dzina lomwe, ungaupepese bwanji?

Tinanyamuka pamzere, atsikana patsogolo. Tinadutsa m'minda ya tiyi, amayi ena atafunda ziguduli kumutu akupalira m'mizere. Phiri la Chambe silinkaoneka, mtambo unali utalimeza lonse. Pambali panga pankayenda Feliya, mwana wa amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi anga. Tinkatungira chitsime chimodzi, kudyera mbale imodzi. Iye anali wolongolola, wa maso akuthwa, ndipo chibadwire mng'ono wanga uja sankandilankhula bwino, poti nayenso ankafuna kukhala mlezi.

"Dzungu lako walisiyira ndani lero?" anandifunsa mokweza kuti ena amve. "Likalira ayamwitsa ndani?"

Atsikana anaseka. Ine ndinangoyang'ana pansi.

Kaphiriko sikanali katali, koma njira yake inali yoterera. Tinafika pamwamba. Sindikudziwa chimene ndinkayembekeza kuona. Mwina nyumba, mwina mfuti. Kunalibe zimenezo. Kunali mtumbira waukulu wa dothi, wotalika kuposa munthu, wozungulira nsonga yonse ya kaphiriko ngati mkombero wa lichero. Pena unali utagumuka, miyala ikuonekera m'kati mwake. Pamwamba pake panamera mikuyu ikuluikulu, mizu yake itakumbatira dothilo. M'kati mwa bwalo munali malo osalala pomwe panali nyumba kale, ndi mwala umodzi wokumbika pakati, pomwe wina ankaperapo mapira mpaka kuutha. M'dzenje la mwalawo munadikha madzi amvula. Ndikukumbukira kuti ndinaganiza za mayi amene ankapera pamenepo, ngati nayenso anali ndi mwana kumsana.

Kunja kwa mtumbirawo ndiye kunali ngalande. Inali yakuya, yamdima, yodzaza ziyangoyango ndi masamba owola. Munkatuluka fungo ngati la m'nkhokwe yonyowa.

A Namakhwa anakwera pamtumbira natiyimika m'munsi mwawo. Anafotokoza bwino, zimenezo sindingawanamizire. Anatisonyeza pomwe panali chipata, chopapatiza kuti adani azilowa mmodzimmodzi. Anatisonyeza mmene dothi lochokera m'ngalande linkaunjikidwira pamwamba, kuti ntchito imodzi ipange zotchinga ziwiri. Anati pamtumbirapo pankazikidwa mitengo yosongoka. Kenaka mawu awo anasintha, nakhala ngati a paguwa.

"Tsono anthu a m'midzi muno, chifukwa cha umbuli, amati muno muli mizimu. Alipo pano amene amakhulupirira zachikunja zimenezo?"

Tonse tinkakhulupirira, koma tonse tinkachidziwanso chikoti.

Ndipamene Feliya anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, Erina amayi ake amuletsa kutsika m'ngalande. Ndinamva ndekha. Akuti asatole ngakhale kamwala."

A Namakhwa anandiyang'ana kwa nthawi, akumwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa.

"Erina. Mwana wa mkhristu. Wa m'kalasi ya ubatizo. N'zoona?"

"Inde, aphunzitsi."

"Kweza mawu, sitikumva. Kapena mizimu yakugwira kale pakhosi?"

Kalasi yonse inaseka, kuseka kwa anthu amene apulumuka.

"Chabwino," anatero. "Lero utithandiza kuphunzira. Tsika m'ngalandemo, ukatitolere chinthu cha anthu akalewo. Tikachiika patebulo kusukulu, aliyense aone kuti dothi ndi dothi basi."

Ndinayesa kulankhula. Ndinati, "Aphunzitsi, kunyumba kuli mwana, mawa atuluka m'chikuta, ndipo ine ndi amene..."

"Ndiye bwino kwambiri. Mwanayo akule ndi mkulu wake wozindikira. Tsika."

Sindinasunthe. Chikoti chinatera kumbuyo kwa miyendo yanga, pamalo pofewa paja pa kuseri kwa bondo. Chinateranso. Anati ndikapanda kutsika, dzina langa alifufuta m'kalasi ya ubatizo ndi m'sukulu momwe, ndipo akawauza abambo pamaso pa mpingo kuti m'nyumba mwawo mukulamula ziwanda. Abambo anali munthu wofatsa, wogwira ntchito yofotetsa masamba a tiyi kufakitale, amene ulemu wake wonse unali pa benchi ya kutsogolo m'tchalitchi. Ndinatsika.

Ndinatsetsereka chokhala, ndikugwira mizu. Pansi pake panali pozizira ndi pofewa, mapazi ankalowa m'masamba mpaka m'akakolo. Kuyang'ana kumwamba ndinangoona mitu ya anzanga itandandalika m'mphepete, yakuda pa mtambo woyera. Wina anaponya kamtengo nalira ngati kadzidzi, ena naseka. M'ziyangoyangomo munali chitedze. Sindinachione, ndinangomva moto ukuyamba pakhosi, kutsikira m'mikono ndi kumsana. Ndinapalasa masamba ndi manja ndikulira chamumtima, ndikupepesa anthu amene sindinkawadziwa mayina. Zala zanga zinagunda chinthu cholimba. Linali phale la mphika, lalikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, lakuda ndi mwaye mbali imodzi. M'mphepete mwake munali timizere tolembedwa ndi chikhadabo, tooneka bwinobwino ngati woumbayo wangochotsapo dzanja.

Palibe anandipatsa dzanja pokwera. Nditafika pamtunda, anzanga anabwerera m'mbuyo onse pamodzi, ngati nkhuku zaona mphamba. Ndinapita kwa a Namakhwa ndi kuwatambasulira phalelo.

Sanalandire. Anabweza phazi limodzi m'mbuyo, manja onse awiri naika kumsana. Kenaka anatulutsa chikoti nalozera nacho phalelo chapatali.

"Mwaona? Wafa? Sanafe. Dothi basi."

"Aphunzitsi, nali," ndinatero.

"Gwira iweyo. Sukulu ndatseka kale, ndipo m'thumba mwanga muli mabuku. Ukasunge kwanu, ubwere nalo Lolemba. Ukalitaya ndidziwa. Feliya andiuza."

Pobwerera ndinatsalira m'mbuyo. Thupi lonse linkayabwa, ndipo ndinkaima pafupipafupi kudzikanda ndi dzanja limodzi, lina litagwira phale. Feliya anali atathamanga kale patsogolo pa onse. Patsinde pa kaphiriko pali kamtsinje, ndipo a Namakhwa anauza ana kuti atsogole, iwo akubwera. Anaiwala kuti kumbuyo kunali ine.

Ndinawapeza atagwada pamwala m'mphepete mwa madzi. Anali atavula nsapato ndi sokosi. Ankatikita masamba ena ake m'manja, nadzipaka kumaso, m'mikono ndi kumapazi, milomo ikugwedera. Atatha, anatenga chikoti chija, chimene sichinakhudze n'komwe phale, nachitsukanso ndi masamba omwewo kuyambira kumutu mpaka kunsonga. Ndinaima chilili. Ndinakumbukira kuti akazi awo anali ndi pakati, mimba itakula kale.

Anatembenuka. Tinayang'anana.

"Waona chiyani?"

"Palibe, aphunzitsi."

"Bwera kuno."

Chikoti chonyowa chimapweteka kuposa chouma. Anandikwapula osanena chifukwa, ndipo atatha ndinamva kumbuyo kwanga akuchiviikanso m'madzi.

Ndinkadziwa kuti phale silingalowe pabwalo pathu, choncho ndinalikwirira ndi masamba patsinde pa mtengo wa mango, m'malire mwa munda wathu wa nandolo. Ndinkaganiza kuti ndachita mwanzeru. Koma amayi aakulu anali akundidikira kale panjira, manja ali m'chiuno, Feliya atabisala kumbuyo kwawo.

"Ima pomwepo! Usapondenso kutsogolo. Chili kuti?"

Ndinaloza kumango.

"Mayo ine! Wakwirira maliro a eni ake m'munda mwathu? Nandolo ameneyu adya ndani? Iwe mwana, amako anakuuza chiyani mmawa?"

"Aphunzitsi anandimenya, amayi. Onani miyendo."

"Miyendo ipola. Mwana wakhanda akatupa, upoletsa ndiwe? Anzako onse anapita komweko, watsika ndiwe wekha. Ofatsa inu ndi amene mumagwetsa nyumba."

Anandilamula kukafukula phalelo ndi kukhala nalo m'kachisakasa kolindiramo anyani, kumapeto kwa munda. Chakudya anandibweretsera pa tsamba la nthochi, nachiika pansi chapatali, monga timachitira ndi galu woluma. Anali makaka, chinangwa chouma chija, ndi nyemba za kalongonda. Ndinapempha kuti andisambitse mankhwala monga amachitira anthu ochokera kumanda. Amayi aakulu anapukusa mutu.

"Wochokera kumanda amabwera chimanjamanja. Iwe wabwera ndi katundu. Tikusambitsa bwanji katundu ali m'manja? Ukataya kutchire, akutsata. Ukabwezera kungalande, ndiye kuti watsikamonso kachiwiri. Chinthu chotumidwa chimachoka pa iwe akachilandira amene anakutuma. Alandire ndi manja ake, ndiye tikambe zosamba. Kufikira tsikulo, mwana usamuyandikire, ngakhale mthunzi wako."

Abambo atabwera kuntchito anaima m'mphepete mwa munda, chipewa chili m'manja. Pamudzi pa akazi awo analibe mawu, ndipo kwa aphunzitsi a mishoni analibenso mawu. Anangoti, "Pirira, mwanangu," navula jekete lawo nalikoleka pa nthambi ya nandolo kuti ndikatenge iwo atachoka.

Loweruka kunacha bwino, dzuwa linatuluka, Chambe n'kuonekera lonse mpaka pamwamba. Ndinaonera zonse kudzera m'mipata ya nandolo. Amayi anatuluka m'chikuta atawonda, akuphethira ndi kuwala. Amayi a m'mudzi analuluta. Mwana anamusambitsa pabwalo, ndipo ndinamva kulira kwake popanda chipupa pakati, koma nkhope sindinaione, kunali kutali. Kenaka Feliya anawerama, ndipo mwanayo anaikidwa kumsana kwake. Feliya anamanga nsalu mothina kwambiri, mfundo ili pambali. Ndinaona ndili komweko kuti mutu wa mwana wapendekeka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe, koma ndinadziletsa, poopa kuti mwina ngakhale mawu anga ali ndi zimene ndinatola.

Feliya anazungulira naye bwalo, kenaka anayenda dala mpaka m'malire mwa munda natembenuka kuti ndione kumsana kwake.

"Erina! Uyu salemera ngati dzungu!"

Amayi anamuitana mwaukali kuti abwerere. Iwo anayang'ana kumene ndinali, nakweza dzanja pang'ono, n'kulitsitsanso msanga amayi aakulu asanaone. Madzulo ake mwanayo analira kwambiri, ndipo ndinamva amayi aakulu akunena mokweza, kuti mawu afike kumunda, kuti zayambika.

Lamulungu ndinapita kutchalitchi, poti kujomba kukanakhala mlandu wina. Phale ndinalisiya m'chisakasa. Nditakhala pa benchi ya atsikana, onse anasunthira mbali ina mpaka womalizira anatsala pang'ono kugwa. Pakhosi panga panali patatupa ndi chitedze, ndipo ndinamva wina akunong'ona kuti ndi zala za akufa. Mapemphero ali pafupi kutha, a Namakhwa anapempha kuti anenepo mawu. Anaima kutsogolo atavala jekete loyera, akazi awo atakhala pafupi ndi khomo, manja ali pamimba.

Anauza mpingo za ulendo wathu. Anati mdima ukutha m'dziko muno. Anati, "Tinapita pamalo paja mumaopa inu. Tinatsika m'ngalande. Tinatola phale la anthu akale ndi manja athu, ndipo onani, ndili pano wamoyo." Potero anatambasula manja awo onse awiri kuti anthu awaone. Anali manja oyera bwino, zikhadabo zowengedwa. Akuluakulu a mpingo anagwedeza mitu, ena nati amen. Abambo anga, pa benchi yawo ya kutsogolo, anangoyang'ana pakati pa mapazi awo.

Zaka zambiri zapita. Ngati m'ngalande muja munali mizimu kapena munalibe, mpaka lero sindingalumbire, ndipo ndinaleka kudzivutitsa nalo funsolo. Chimene ndinamvetsa ndi china. A Namakhwa sanali munthu wopanda mantha, ankaopa ngati tonsefe, mwina kuposa. Ankangofuna mbiri ya kulimba mtima, ndipo anayang'ana pagulu kufuna amene angamulipiritse mtengo wake popanda kuyankha. Amayi aakulu nawo ankaopa, ndipo mantha awo anawatula pa yemweyo. Anthu awiri amene sankagwirizana pa chilichonse anagwirizana pa chimodzi, kuti wonyamula akhale mwana wosalankhula. Ndikaganiza za linga lija tsopano, sindiganiza kwambiri za ankhondo amene ankaima pamtumbira. Ndimadzifunsa kuti amene anakumba ngalande ija ndi makasu anali ndani, ndipo chipata chitatsekedwa, iwo anali mbali iti.

Koma tsiku limenelo sindinkadziwa kuganiza zotere. Ndinkangodziwa kuti mng'ono wanga ali kumsana kwa wina, mutu uli chopendekeka, ndipo sindidzamukhudza mpaka phale litalandiridwa. Nditabwerera kuchisakasa masana, ndinakhala padzuwa ndi kope langa pamwendo, phale lili pambali. Ndinaganiza zokalisiya patebulo pawo iwo asanalowe, koma kumeneko sikulandira. Ndinaganiza zokaliika pakhonde la nyumba yawo, koma ndinakumbukira akazi awo ndi manja awo pamimba, ndipo iwo sanandilakwire. Panatsala njira imodzi, imene mwana aliyense wa kwathu amaphunzira asanadziwe kuwerenga. Mwana akagwada napereka chinthu ndi manja awiri, wamkulu sakana anthu akuona.

Ndinalemba kuti: Mawa ndidikira belu lilire, onse akhale pansi. Ndipita kutsogolo, ndigwada, ndipereka phale ndi manja awiri. Ndinena mokweza kuti, aphunzitsi, nali phale lija munanena m'tchalitchi kuti munatola ndi manja anu. Akandimenya andimenye ndili chogwada. Sindidzuka mpaka alandire.